Reji ya Lukonde

Anthu amati ndine wamijedo, koma ine ndimangoona zinthu. Ukakhala pa khonde la saluni mu maliketi ya Chilenje, manja ali pamutu pa wina kuyambila m'mawa mpaka madzulo, maso uwaike kuti? Dzina langa ndine Keziah. Sukulu ndinalekela giledi seveni, ndipo ba anti Anita, eni saluni, ndiwo anandiphunzitsa kuluka tsitsi. Chizungu chimandivuta, koma nkhope ya munthu wobisa kanthu ndimaiŵelenga kuposa ba hedi a sukulu.

Lukonde ndi mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe. Mpanda wa mawaya wa pakati pathu unagwa kalekale, timangoulumpha. Amakhala awili chabe ndi amai ake, ba Barbara, amene onse timawaitana bana Lukonde, kutanthauza amai a Lukonde, ogulitsa vitumbuwa pa geti la maliketi. Lukonde ndi uja amakonza masoketi ndi machaja a mzele wathu wonse. Chaka chatha anasankhidwa kukaphunzila zamagetsi pa basale, mosalipila fizi, koma anamuuza kuti abwele ndi reji mwezi usanathe, apo ayi malo apatsa wina.

Reji ndi kakhadi kobiliwila ka boma kosonyeza kuti ndiwe mwana wa Zambia. Kuno mtsikana akakwanitsa zaka sikisitini, amai ake amabwela naye ku saluni kwathu kuti timuluke bwino, chifukwa chithunzi cha pa reji umafa nacho. M'mawa mwake amapita kutauni, pobwela amamugulila machipisi ndi nkhuku. Ndi mwambo wathu umenewo, ngakhale osauka amayesetsa.

Lukonde ndinamuluka ndekha, timizele ting'onoting'ono tobwelela kumbuyo. M'mawa mwake sanapite. Akuti bana Lukonde shuga inakwela. Mlungu wotsatila akuti makina a ku ofesi anafa. Koma Yande wa kuseli kwa tchalitchi anapita tsiku lomwelo n'kubwela ndi reji yake, akutinyadila nayo. Makina ake ati amene amafela Lukonde yekha?

Tsitsi lija linayamba kutuwa, timizele tikumasuka m'mphepete, reji osaoneka. Pamenepo ndinayamba kusonkhanitsa zinthu m'mutu. Bana Lukonde ndi afupi, oyelelako. Lukonde ndi wamtali ngati mlongoti wa magetsi, wakuda bii. M'nyumba mwao muli zithunzi zambili pakhoma, koma cha khanda mulibe, zonse zimayambila Lukonde akuyenda kale. Amati kwao ndi ku Luapula, koma Khisimasi iliyonse amadyela pano, ndipo sindinaonepo mlendo wobwela ndi nsomba zouma ngati mmene amachitila achibale a ku Luapula.

Ndinauza ba anti. Iwo anangondiyang'ana pa galasi.

"Iwe Keziah, luka mutu uwo. Mitu ya m'manyumba mwa anthu isiye."

Tsiku lina anandituma ku Kamwala kukagula tsitsi loika. Pobwela, minibasi itaima pa Kabwata, ndinaona chitenge cha bana Lukonde, chija cha nkhanga, chikuloŵa kuseli kwa babashopu. Kutsogolo kwao kunali mwamuna wa jekete la bulauni, fayilo ya pulasitiki m'khwapa. Ameneyo ndimamudziŵa. Ndi ba Ng'andu, amene amaima panja pa maofesi kutauni n'kumanong'oneza anthu kuti iye ali ndi njila yachidule.

Ndinatsika. Kondakita anakuwa kuti Chilenje sitinafike, ndinamuuza kuti ayang'ane zake. Kuseli kwa babashopu kuli thanki ya madzi, ndinanjuta pamenepo ngati ndikumanga lamba wa nsapato.

"Mukalumbile chabe kuti munabalila kumudzi, panyumba," anali mau a ba Ng'andu. "Ine nibweletsa mdala wina, azakamba kuti ni ambuye ake a mwana. Lolemba lino tisiliza."

"Nanga akatigwila?"

"Agwila ndani? Imwe mungosunga pakamwa."

"Ba Ng'andu, ine kulumbila bodza niopa. Nanga nikakamba zoona? Nikauza kuti ninamupeza pa siteshoni, ali kamwana, kalila pakati pa mabasi. Ninapita naye ku polisi, palibe anabwela kumufuna. A welofeya, aja oona za ana, anati nimusunge."

Ba Ng'andu anaseka, kaseko ka m'mphuno.

"Mabasi amene aja achokela kuti? Kumalile a dziko. Mukakamba izo azafunsa kuti tate ni ndani, mai ni ndani, mudzi uti, mfumu iti. Muyankha chani? Azati mwana ni wakunja. Kampu ya othawa kwao ilipo, simuidziŵa?"

"Koma paja pa wailesi anakamba kuti lamulo latsopano..."

"Zija za diso na khutu? Zinagwa, mai. Anthu sanavote okwanila. Palibe lamulo lililonse apa, pali ine chabe."

Ndinabwelela ku msewu ndikukwawa ngati mphaka, ndipo mu minibasi kondakita wina anandifunsa ngati ndafeledwa.

Nkhani ngati imeneyi ili ngati khala lamoto m'thumba la diresi. Lukonde sindikanamuuza. Madzulo ake anabwela kudzationela ketulo yathu imene inali kugwila anthu shoko, akuimba, mutu uli nyankhalala, ine n'kumangoyang'ana pansi. Ba anti sindikanawauza, akanandithila mpama. Ndinapilila Lachinayi, ndinapilila Lachisanu. Loŵeluka kunabwela ba Chantelle.

Ba Chantelle amachokela ku Woodlands. Amayendetsa kagalimoto koyela, ndipo amati masaluni a kwao amadula koma kuluka sadziŵa. Mutu wao umatenga tsiku lonse, ndiye munthu ukhala bwanji chete tsiku lonse? Ba anti atapita kukagula makala, pakamwa panga panatseguka pokha. Maina sindinatchule. Ndinati ndi anthu ena a ku Libala.

Ndinayembekezela kuti anena kuti mayo ine, ngati mmene amachitila makasitomala ena. Iwo anatembenuka mpaka tsitsi linandipulumuka m'manja.

"Mwanayo anapezeka ali na zaka zingati?"

"Kaya. Ati kanali kamwana, kangoyamba kuyenda."

"Ku polisi anapita? Ku welofeya?"

"Ati anapita."

"Nanga makolo ake, palibe amene anaonekela mpaka lelo?"

Munthu wamba safunsa mafunso mondondoza chotele. Ndinayang'ana m'chikwama chao chimene chinali chotsegula pamiyendo, ndipo munali chingwe chija amavala m'khosi anthu a m'maofesi, khadi lake litatembenuzika. Imigilesheni, ndinatelo mumtima. Keziah, wagulitsa mnzako kwa a Imigilesheni ndi pakamwa pako.

"Ni nyumba iti ku Libala?" anafunsa.

"Anasamuka," ndinatelo. "Ali ku Chelstone manje. Kapena ku Kabwe."

Anandiyang'ana pa galasi nthawi yaitali, kenaka anaseka pang'ono.

"Mvela, mwaiche. Ukawaona anthu ako a ku Kabwe, uwauze kuti asalumbile bodza. Bodza likagwilika, reji ailanda ndipo mai amangidwa. Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu twente sikisitini. Mwana wopezeka mu Zambia ali wamng'ono, makolo ake osadziŵika, amatengedwa kuti ni mbadwa ya muno."

"Zija za diso na khutu? Zinagwa."

"Wauzidwa na ndani?"

"Aliyense adziŵa."

"Zinali ziŵili chaka chija. Za diso na khutu zinali za mu Ogasiti, zofuna kuonjezela maufulu ena, izo zoona sizinapite. Koma kusintha kwina kunali kutasainidwa kale mu Januwale, ndipo kukugwila nchito mpaka lelo. Mlongo wanga ali ku Mangalande anabwezeledwa unzika wake na lamulo lomwelo, ndiye chigawo cha unzika ninachiŵelenga mpaka maso kuŵaŵa. Za mwana wopezeka zili pamenepo."

Wosaka mbeŵa amaika chiponde pa msampha, sathila tsabola. Mwina ba Chantelle amafuna kuti bana Lukonde akadzipeleke okha ku ofesi, a Imigilesheni ali kuseli kwa chitseko. Pochoka anatenga nambala ya ba anti, akuti atumiza chithunzi cha tsamba lake. Ndinaima pa khonde mpaka kagalimoto kao katakhota, kuti ndione ngati kaloŵela ku mzele wathu. Kanapita njila ya ku Woodlands, komabe anthu otele amadziŵa kuzungulila.

Chithunzi chinafika Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi. Ba anti anayang'ana foni, anayang'ana ine.

"Ichi nichani? Wakamba chani kwa kasitomala wanga?"

Ndinafotokoza zonse, za thanki ya ku Kabwata zomwe. Mpama sunabwele. Anakhala pa mpando, nsapato za kutchalitchi zili m'manja.

"Bana Lukonde anabwela mu Chilenje na mwana woyenda kale," anatelo pang'onopang'ono. "Tonse tinaona. Tinangotseka pakamwa. Koma iwe pakamwa pako palibe chitseko."

"Manje tichite bwanji? Mailo ni Lolemba."

"Tichite? Wayamba wekha. Tenga foni, pita."

Ndinalumpha mpanda masana dzuŵa lili pamutu. Bana Lukonde anali kuseli kwa nyumba, akukanda fulawa ya vitumbuwa vya m'mawa mu beseni lalikulu.

"Shani, Keziah. Mnzako ali m'kati, akonza waya wa mu siling'i."

"Nabwela kwa imwe, ba mami." Ndinatsitsa mau. "Mailo musapite na ba Ng'andu."

Manja anaima mu beseni. Anandiyang'ana ngati ndine njoka yoloŵa m'bafa.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe. Ninali ku Kabwata tsiku lija. Ninamva."

"Wauza ndani?"

"Ba anti. Na kasitomala mmodzi, koma maina sininatchule."

"Kasitomala." Anapukuta manja pa chitenge, fulawa n'kumatilila pa nkhanga zija. "Zaka zonsezi nasunga mwana wanga, lelo azanitengela chifukwa cha kamwa ya mwana wa saluni. Agwila nchito kuti kasitomala wako?"

"Sinidziŵa," ndinavomela. "Ali na khadi ya m'khosi."

Ndinawauza zimene ananena ba Chantelle, za Januwale ndi za Ogasiti. Anapukusa mutu ndisanamalize.

"Ine ninavota, Keziah. Ninamva pa wailesi chaka chija kuti malamulo atsopano akumbukila ana otoledwa. Tsiku la voti ninatseka vitumbuwa, ninaima pa mzele kuyambila m'mamawa, ninachonga pa diso. Diso inali inde, khutu inali ayi. Ninapemphela. Pamene analengeza kuti zagwa, ninalila mu bafa kuti mwana asanione. Manje iwe ubwela na foni uniuze kuti sizinagwe?"

"Ati zinali ziŵili."

"Ati. Ba Ng'andu nawo ati. Aliyense ati."

Ndinawapatsa foni. Anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa. Tizilembo tating'ono, Chizungu chake chija cha maloya. Anandibwezela.

"Ŵelenga iwe."

Ndinayesa. Liu loyamba ndinalidziŵa, lachiŵili lomwe, koma pofika pakati lilime linakana. Tinayang'anana. Mu mzele wathu wonse, munthu amene amaŵelengela anthu makalata a ku khansolo ndi mapepala a mankhwala ndi mmodzi, ndipo anali m'nyumbamo, mu siling'i.

"Awe," anatelo bana Lukonde. "Uyo ayi."

"Ndiye mukhulupilila ba Ng'andu?"

Asanayankhe tinamva makwelelo akulila m'khitchini. Lukonde anatuluka, fumbi ndi ulusi wa akangaude zili mu tsitsi lija ndinaluka, sikuludilaiva m'thumba la kumbuyo. Nyumba za ku Chilenje siling'i yake ndi kabolodi kopyapyala, ukakhala m'mwamba umamva ngakhale munthu akumeza mate. Lukonde anangotambasula dzanja, ine n'kumupatsa foni.

Anaŵelenga chamumtima, milomo ikugwedela. Kenaka ananena m'Chinyanja, mau ali phee ngati akuŵelenga za mwana wa eni.

"Mwana wopezeka mu Zambia, amene zaka zake sizipitilila eiti kapena aoneka kuti sizipitilila, amene dziko lake na makolo ake sadziŵika, azatengedwa kuti ni nzika yobadwila muno." Anakweza maso. "Ninali na zaka zingati, ba mami?"

Bana Lukonde anakhala pansi pa simenti, pafupi ndi beseni.

"Ziŵili, kapena kupitilila pang'ono. Unavala kajuzi kofiila. Unagwila chitenge changa, sunafune kusiya."

"Ku siteshoni?"

"Ku siteshoni."

Lukonde anagwedeza mutu. Ine ndimayembekezela kulila, kukomoka, zija za m'mafilimu. Iye anachotsa kangaude pa phewa.

"Ninadziŵa kuti pali kanthu. Pa giledi faifi anatiuza tibwele na chithunzi cha ukhanda, imwe munati chinapsa. Nyumba yathu sinapsepo." Anayang'ananso foni. "Koma ichi chinachokela kwa ndani? Tidziŵa bwanji kuti si chopanga?"

Mwaona? Si ine ndekha wokayikila. Anatenga foni yake, anafufuza yekha malamulo a dziko, mpaka anapeza tsamba lomwelo, mau omwewo. Anaonetsa amai ake ngakhale sakanaŵelenga.

"Nanga akati lamulo linabwela iwe utapezeka kale?" anafunsa bana Lukonde. "Akakutenga?"

"Tikafunse. Koma ine reji ya bodza siniifuna. Nizakhala moyo wonse niopa munthu wa jekete la bulauni."

Kenaka anatembenukila kwa ine.

"Iwe, pita kwanu."

Ndinapita. Koma ndinakhala pafupi ndi mpanda ndikuchapa mbale zoyela kale. Sindinamve zambili, analoŵa m'nyumba n'kutseka chitseko. Vitumbuwa sivinaphikidwe tsiku limenelo.

Lolemba ndinawapelekeza, palibe anandiitana koma palibenso anandibweza. Ba Ng'andu anali pa geti la ofesi ndi mdala wina wa chipewa, amene amati akhale ambuye, agogo ake a Lukonde. Atationa anamwetulila, anayamba kutsegula fayilo. Bana Lukonde anachedwetsa mapazi, ndinaona ndithu kuti mtima ukuwakokela komweko. Lukonde anawagwila pa mkono n'kuwapitiliza.

"Mai, muloŵa mweka?" anatelo ba Ng'andu kumbuyo kwathu. "Muzanifuna. Musakalile."

M'kati mlonda anandiuza kuti ine nditsale pa benchi. Ndinakhala moyang'ana chitseko, ndikuŵelenga nkhope ya aliyense wovala yunifomu, ndikuyang'ananso panja ngati pali kagalimoto koyela. Ndinali nditakonza kale kuti akawatulutsila khomo la kuseli ndithamangila kwa abusa. Anakhalitsa. Potuluka, bana Lukonde maso anali ofiila, koma anali kuyenda okha, popanda wowagwila.

Reji sanapatsidwe tsiku limenelo. Mai wa pa desiki anaitana bwana wake, bwanayo anamvetsela nkhani yonse n'kuwatuma ku welofeya kuti akabwele ndi kalata yotsimikiza kuti mwana anapezeka liti ndipo anapelekedwa kwa ndani. Ku welofeya anati mafayilo akale ali m'chipinda china, abwelenso. Anabwelanso, anati amene ali ndi kiyi wapita ku malilo. Ine ndinati basi, ndi mmene amachitila akafuna kukugwila bwino, amayamba akutopetsa. Ba anti anati nditseke pakamwa, maofesi onse ndi otelo.

Masiku amenewo Lukonde sanali kundilankhula. Akandiona pa mpanda amaloŵa m'nyumba. Amai ake amawalankhula, koma mwachidule. Ku saluni nkhani inali itafika kale, osati kuchokela kwa ine, mdala wa chipewa uja ndiye anaifalitsa ku bawa. Mai wina ali pansi pa dilaya anafunsa ngati tiziwaitanabe bana Lukonde. Ba anti anazimitsa dilaya n'kumuuza kuti akaumitsile kwao.

Mwezi utatsala pang'ono kutha, Lukonde anatulukila pa khonde la saluni m'mamawa, tisanasese. Anakhala pa mpando wanga osapeleka moni.

"Masula ivi. Uluke vatsopano. Kalata yapezeka, mailo nijambulidwa."

Ndinamasula, ndinachapa, ndinaluka timizele tomwe tija. Tsiku lonse sindinanene nkhani ya munthu aliyense, ba anti mpaka anandigwila pamphumi kuona ngati ndikudwala.

Reji inatuluka yobiliwila. Kusukulu ya zamagetsi anafika tsiku lomaliza, ndipo malo anali akadalipo. Pobwela bana Lukonde anagula machipisi ndi nkhuku, anaitana ine ndi ba anti, tinadyela pa simenti kuseli kwao. Lukonde anati, "Ba mami, mwaika mchele wambili," ndipo bana Lukonde anaseka mpaka misozi, ngakhale mchele sanaike iwo.

Ba Chantelle anabwelanso kudzalukitsa. Khadi lija ndinaliona bwino ulendo uno, ndi la kampani ya inshuwalansi. Anandifunsa za anthu anga a ku Kabwe, ndinati ali bwino. Komabe sindinawauze nyumba. Munthu wodziŵa malamulo chotele, inshuwalansi yokha?

Chimene chikundisoŵetsa mtendele ndi chimodzi. Pa reji pali mzele wa mudzi ndi mzele wa mfumu, ndipo ine ndikufuna kudziŵa kuti pa ya Lukonde analembapo chiyani. Ndamupempha kambilimbili. Amaitulutsa, amandionetsa chithunzi ndi timizele tanga, koma chala chake chachikulu chimakhala pa mzele wa mudzi ndi wa mfumu.

"Apa ni panga," amatelo. "Ukapadziŵa iwe, mailo Chilenje yonse yapadziŵa."